Kodi Madampulingi a kwa Mayi Shen Anasintha?

Limbani ndi Tiyanjane, ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu ndinakuuzani mpaka munatopa nazo, ndiye sindibwereza. Pano ndikulemba za ntchito imene ndinagwira zaka pafupifupi makumi awiri muno mu South Bend, ku Indiana, makamaka chifukwa cha funso limene anthu akundifunsabe kutchalitchi, kumaliro, ngakhale m'sitolo ndikusankha tomato: “ANamaseko, kodi kwa Mayi Shen kuja kudakali kokoma ngati kale?” Funso limeneli landikwana. Ndiliyankha kamodzi kokha papepala pano, ndipo wina akadzakufunsani inu, mudzamupatse awerenge yekha.

Chaka choyamba: kusinki

Tinabwera kuno bambo anu akudzaphunzira, ine ndili ndi satifiketi yauphunzitsi imene kuno palibe anaifunsa n'komwe. Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti pa lesitilanti ina ya Achaina m'tauni, pafupi ndi chipatala, akufuna wotsuka mbale. Ndinakwera basi mu Januwale nditavala nsapato zogula ku Limbe, ndipo pofika zala zakumapazi zinali zitachita dzanzi. Malowo anali aang'ono, matebulo asanu ndi atatu basi, mazenera ali nthunzi yokhayokha. Eni ake anali Mayi Shen, mayi wamfupi wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Sanandifunse dzina tsiku limenelo. Anangogwira manja anga onse awiri, n'kuwatembenuza ngati akusankha nsomba pamsika, kenako anandilozera sinki.

Inu munakula nawo madampulingi, koma abale a kumudzi amene angawerenge izi sawadziwa. Dampulingi ndi kamtanda ka fulawa kopyapyala, kozungulira, kamene umaikapo nyama ya nkhumba yogaya yosakaniza ndi kabichi, jinja ndi anyezi. Umakapinda, n'kukatsina m'mphepete monse kuti katsekeke, kenako kamawiritsidwa m'madzi. Amalawi anzathu ankangoti samusa za Achaina. Kukoma kwake konse kuli pa msuzi umene umatsekeredwa mkati. Kakaphulika mumphika, msuzi umathawira m'madzi, ndipo wakudya amangolandira kachikopa kozizira ndi nyama yosukuluka.

Ndinatsuka mbale miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku lina mmodzi mwa opinda sanabwere, anthu atadzaza mpaka pakhomo, ndipo Mayi Shen anandikoka pa epuloni n'kundikhazika patebulo la kuseri. Ine ndinkadzimva katswiri, chifukwa ndili mphunzitsi ku Ntcheu ndinkakonza samusa zogulitsa pa buleki. Ndinapinda yoyamba makona atatu, bwinobwino, n'kuwaonetsa ndikumwetulira. Anainyamula ndi zala ziwiri n'kuiponya m'bini. Yachiwiri inapita komweko. Pofika yachisanu anali ataphunzira dzina langa, Esinati, n'kulidula pakati.

“Esi, tsina! Ukusisita mwana kodi? Tsina ngati wakwiya naye!”

Kukwiya sikunandisowe, chifukwa mayi ameneyu ankandikwiyitsa kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Koma pakutha pa chaka chachiwiri ndinkapinda osayang'ana, ndipo anasiya kutaya zanga.

Chaka chachitatu mpaka chakhumi ndi chisanu ndi chimodzi: patebulo

Opinda tinali atatu: Mayi Shen, Rosa wa ku Mexico, ndi ine. Patebulo limenelo sipankalankhulidwa zambiri, pankangomveka kamtengo kotambasulira mtanda. Mayi Shen sankayamikira munthu. Ukachita bwino ankangokukankhira mbale ya nyama kuti upitirize, ndipo ine ndinaphunzira kuti kumeneko ndiko kuthokoza kwawo. Tsiku limene bambo anu anagonekedwa m'chipatala anandithamangitsa pantchito ndi mawu aukali, koma madzulo ake ndinawapeza ku wodi atanyamula poto wa supu. Ndinkawaopa komanso ndinkawakonda, ndipo sindinawauzepo zonse ziwirizi.

Mbiri itafalikira yakuti pali Mmalawi amene akupinda samusa za Achaina, anthu athu anayamba kubwera. Anayamba ndi manesi a pachipatala ndi ophunzira, kenako mabanja a ku Indianapolis, amene ankayenda ulendo wa maola oposa awiri Loweruka n'kubwerera ndi mabokosi a ayezi odzaza. Wotsogolera ulendo nthawi zambiri anali Mayi Gondwe, nesi wa ku Beech Grove pafupi ndi Indianapolis, wapampando wa gulu la amayi. Mukudziwa mmene tilili ife: kumene kuli wakwathu timafuna tidye za wakwathuyo. Mayi Gondwe akafika pa kauntala ankalankhula mokweza kuti ndimve kuseri.

“Ife taoda za manja a aNamaseko. Zina ayi. Tadraiva kuchokera kutali.”

Mayi Shen poyamba anaona kuti ndi misala, chifukwa mtanda unali umodzi, nyama imodzi, mphika umodzi. Koma anandilola kumanga kansalu kachitenje pa mathileyi anga kuti azidziwika. Mmalawi akabwera, kaya wodyera pomwepo kaya wotenga osaphika kukawiritsa kunyumba, ankalandira za pa thileyi ya kansalu. Zinkhoswe, maukwati, misonkhano ya tchalitchi, zonsezi zinkadya za manja anga. Sindibisa, ndinkanyada nazo kwambiri. Mphunzitsi amene satifiketi yake inali kuchita nkhungu m'sutikesi anali wapeza chodziwika nacho.

Chaka cha mliri

Chaka cha mliri chija, Mayi Shen anali atatopa kale ndi msana. Anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Lawrence, chakumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis, n'kusiyira lesitilanti mwana wawo wamwamuna, Kevin. Ameneyu ndinamudziwa ali mwana wasukulu, ndipo ankanditcha Anti. Anali munthu wofatsa, wophunzira zamakompyuta, wosakweza mawu ngakhale poto atapsa. Ine nditazolowera bwana wokalipa, bwana wopempha ndi “chonde” ndinkamuona ngati alibe msana.

Zinthu zinasowa chaka chimenecho. Fulawa amene Mayi Shen ankagula kuchokera ku Chicago anasowa kwa miyezi, ndipo Kevin anatenga wina wa m'matumba oyera. Masabata ena kabichi wa Achaina kunalibe, tinkaika kabichi wathu yemweyu. Matebulo anaunjikidwa pakona, chakudya tinkaperekera pazenera. Kevin anabweretsa kakompyuta kolandirira maoda, n'kulemba mayi wina wa ku Burma, dzina lake Mimi, kuti akhale pampando wa Mayi Shen. Chilichonse chimene anasintha ndinkachida, ngakhale mababu a magetsi. Koma ndinene zoona, popanda kakompyuta kameneko lesitilanti ikanatsekedwa chaka chomwecho.

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chitatu: madandaulo

Mliri utachepa, kunali ukwati wa Amalawi ku Beech Grove, ndipo anaoda mathileyi khumi ndi awiri a kansalu. Lolemba lake Mayi Gondwe anandiimbira foni. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za inu nonse awiri ndi za msana wanga, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera nkhani.

“ANamaseko, sikuti tikukomplena ayi. Koma samusa zija theka zinaphulika mumphika. Madzi anachita kuyera ngati phala. Kaya mwana uja wasintha chiyani kumeneko?”

“Ndi fulawa, mayi,” ndinayankha osaganiza n'komwe. “Ndinamuuza ine. Ana a masiku ano samva.”

M'mawa mwake ndinamutengera Kevin kuchipinda chosungiramo katundu cha kuseri n'kumenya thumba la fulawa ndi dzanja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, “Chabwino, Anti, ndibweza fulawa wakale.” Anabwezadi mwezi womwewo. Madampulingi anapitiriza kuphulika. Ndinati ndi nyama, ili ndi madzi ambiri, ndipo anasintha kogula nyama. Ndinati ndi firiza yatsopano, ikuumitsa mtanda mpaka kung'aluka, ndipo anaitanitsa munthu kudzaiona. Ndinati wophika akuwiritsa ndi moto waukali. Chilichonse chimene ndinanena, Kevin ankangoti, “Chabwino, Anti,” ndipo “chabwino” ameneyu ankandipsetsa mtima kuposa chipongwe. Umboni wanga waukulu unali chakudya chathu cha masana, ife antchito. Kale tinkadya zabwino, koma tsopano mbale yathu inkabwera ndi zong'ambikang'ambika. Ndinkaikweza m'mwamba pamaso pa Rosa ndi Mimi n'kumati, “Taonani! Nthawi ya Mayi Shen izi zikanachitika?” Iwo ankangoyang'ana m'mbale zawo n'kumadya.

Sindinathere pamenepo. Kutchalitchi akandifunsa, ndinkapukusa mutu n'kunena kuti malo aja anapita ndi mwini wake. Mawu amenewa anafika kwa Mayi Gondwe, ndipo anawalemba pa gulu lathu la pafoni, n'kuwonjezera kuti anena ndi aNamaseko eni ake, amene ali mkati. Magalimoto a ku Indianapolis anasiya kubwera. Manesi athu anauza anzawo a pachipatala, ndipo nkhomaliro imene kale inkadzaza matebulo onse inayamba kusiya atatu opanda munthu. Kevin anaonda. Tsiku lina ndinamumva akuuza Rosa kuti ngati zipitirira chonchi sadziwa ngati afika nayo lesitilanti chaka chamawa. Ine mumtima ndinangoti wadzichitira yekha.

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chinayi: ulendo wa ku Lawrence

Ndinaganiza zokamunenera kwa amayi ake. Iwe Limbani ukukumbukira, chifukwa ndiwe unandiyendetsa, ndipo njira yonse unkandiuza m'Chingerezi kuti ndizisiye. Ndinatenga madampulingi osaphika makumi atatu kuchokera m'firiza, ndikutola pa mathileyi osiyanasiyana kuti asadzati ndasankha oipa okha. Ndinawaika m'bokosi la ayezi n'kulikumbatira pamiyendo ngati ndikupita nalo kukhoti.

Mayi Shen tinawapeza akuthirira tianyezi tawo kuseri kwa nyumba, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Sanandifunse za ulendo. Anangoona bokosilo n'kuteleka madzi. Ine ndinayamba mlandu wanga ndili chiimire: fulawa, nyama, firiza, kakompyuta, ndi dzina lawo limene linali kuwonongeka m'tauni. Iwo maso anali pamphika. Madampulingi atayandama anawavuula n'kuwayala patebulo m'magulu awiri. Athunthu anali khumi ndi asanu ndi anayi. Ophulika anali khumi ndi limodzi.

“Mwaona nokha,” ndinatero. “Mwana wanu wawononga ntchito yanu.”

Anavala magalasi, n'kutenga timitengo todyera, n'kuyamba kuwatembenuza limodzilimodzi. Analoza ena mwa athunthu aja. “Awa ndi a Rosa, makwinya ake amapendekera kumanzere. Awa sindikuwadziwa, ndi a mtsikana watsopano uja, dzanja lake n'labwino.” Kenako anakankhira gulu lonse la ophulika kwa ine. “Awa ndi ako, Esi. Onse.”

Ndinaseka. Ndinati n'zosatheka, ndapinda zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Iwo anakanda kamtanda pomwepo, n'kutambasula kamodzi, n'kundipatsa pamodzi ndi supuni ya nyama ya ophulika aja. Ndinapinda ndi mkwiyo wanga wonse, ndikutsina mmene anandiphunzitsira. Anaitenga n'kuikoka pang'ono ndi zala ziwiri, ndipo inatseguka ngati envelopu yosamata. Kenako anagwira chala changa chachikulu cha kumanja n'kusindikiza patsinde pake. Ndinakuwa.

“Chayamba liti?” anafunsa.

Chinali chitayamba chaka cha mliri. Ndinkachipaka mankhwala m'mawa uliwonse n'kumati ndi kuzizira kwa ku Indiana. Adokotala pambuyo pake anati ndi nyamakazi. Ine potsina ndinkamva ululu, ndiye ndinkaganiza kuti ndikutsina mwamphamvu, pamene chala chinali chitasiya kugwira ntchito kalekale. Ndipo popeza opinda sitinkayandikira mphika, sindinaonepo thileyi yanga ikulowa m'madzi.

“Kevin akudziwa?” ndinafunsa.

“Anandiimbira chaka chatha,” anatero Mayi Shen. “Ndinamuuza kuti asakuuze. Kwathu mwana sauza munthu wamkulu kuti manja ake atha. Ndinkaganiza kuti uzindikira wekha, unali wochenjera kale.”

Ndinafuna kuwaponyera dampulingi kumaso, mayi wokalamba wa ndodo. Zaka zonse zija ankataya zanga m'bini osaphethira, ndiye ulemu unawagwira pa nthawi imene ndinkafunika kukalipiridwa!

Lolemba lotsatira

Ndinafika m'mawa Kevin akutsegula. Ndinamuuza kuti ndinali ku Lawrence, ndipo nkhope yake inagwa. Ndinamufunsa kumene mathileyi anga ankapita. Anavomera kuti kwa chaka ndi theka makasitomala wamba ankawapatsa za Rosa ndi Mimi zokha. Zanga ankaziika pansi penipeni m'firiza, n'kumatiphikira ife antchito masana. Ndiye kuti mbale ija ndinkaikweza m'mwamba pamaso pa anzanga inali ntchito ya manja anga, ndipo onse awiri ankadziwa.

“Nanga Amalawi?” ndinafunsa.

“Anti, amafuna za kansalu. Ndinayesapo kamodzi kuwapatsa za Rosa. Munatuluka kuseri n'kundilanda thileyi m'manja, munati ndikunamiza anthu anu.”

Zimenezo ndinazikumbukira bwino, ndipo ndinakhala pa thumba la fulawa. Ndinamufunsa ngati ankamva zimene ndinkamunena kutchalitchi. Anati nesi wina anamuonetsa pafoni. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandichotse ntchito, ndipo anati munthu sachotsa ntchito azakhali ake. Anandipempha kuti ndikhale, ndiziyang'anira kasakanizidwe ka nyama, kapena ndizikhala pa kauntala kulandira anthu. Ndinaganiza sabata yathunthu. Ndinkadzidziwa: ndikanakhala, tsiku lotanganidwa ndikanakhala patebulo lija, ndipo palibe akanandiletsa. Lachisanu ndinamasula tinsalu tonse pa mathileyi, ndinapachika epuloni, ndinapepesa kwa Kevin, Rosa ndi Mimi mmodzimmodzi, n'kukwera basi yanga. Ndinalira kuyambira pasiteji mpaka pakhomo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Julayi wa chaka chimenecho

Panatsala anthu athu. Pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi, Amalawi amasonkhana papaki ina ku Indianapolis, aliyense ndi mphika wake. Ndinapempha Kevin mathileyi asanu ndi limodzi a Rosa ndi Mimi, ndipo inu awiri munandithandiza kunyamula. Tinawiritsa pomwepo pa chitofu cha gasi. Sanaphulike ndi limodzi lomwe. Anthu anadya mpaka kunyambita zala, ndipo Mayi Gondwe anabwera akupukuta msuzi pachibwano.

“Eee, aNamaseko, izi ndiye zija! Mwachita kupanga kunyumba eti? Tinkanena ife kuti vuto ndi mnyamata uja. Mwachita bwino kuritaya pantchito, akanakuwonongerani dzina.”

Ndinapempha maikolofoni kwa wolengeza. Ndinawauza kuti pa zimene adyazo sindinakhudzepo ngakhale imodzi, kuti zachokera kwa Kevin, ndipo umu ndi mmene zakhala zikukomera masiku onse kwa aliyense amene sanafunse za kansalu. Ndinakweza chala changa m'mwamba n'kunena kuti amene ankaphulitsa madampulingi ndi uyu. Ndinati ndinanamizira mwana wa eni ake, ndipo amene analemba pa gulu kuti malo aja anatha alembenso lero lomwe kuti anatha ndi aNamaseko.

Nditakhala pansi, Mayi Gondwe anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

“Musadandaule, amayi. Ife tinkasasipekita kale. Tinkaona mmene mumagwirira kapu ya tiyi ku misonkhano ya tchalitchi, ndi manja awiri. Koma nanga tikanati chiyani kwa munthu wamkulu ngati inu? Kunali kosavuta kungoti ndi Mchaina uja.”

Ndinawayang'ana mayi ameneyu, nesi wa zaka zambiri, wodziwa nyamakazi akaiona patali. Anthu awa analolera kuti lesitilanti ya mwana wosalakwa itsekedwe kusiyana n'kuti andiuze ine kuti chala changa chatha. Ndinapsa mtima, koma ndinakumbukira kuti mawu oyamba onamizira fulawa anatuluka m'kamwa mwanga. Mayi Gondwe analembadi pa gulu tisanachoke papaki, ine nditaima pambali pawo. Ena anabwerera kwa Kevin, ena mpaka lero sanapiteko, kaya ndi manyazi kaya n'chiyani. Lesitilanti ikadalipo, ndipo Lachinayi lililonse ndimakadya kumeneko. Yankho la funso lija ndi limeneli: madampulingi a kwa Mayi Shen sanasinthe.

Koma pali funso lina limene ndi langa. Pobwerera ku South Bend tsiku limenelo, tili pa msewu waukulu, ndinakumbukira kuti kwa zaka ziwiri ndinkabweretsa kunyumba za pa thileyi yanga Lachisanu lililonse, ndipo ankawiritsa ndiwe Tiyanjane. Patebulo sipankafika lophulika ngakhale limodzi. Ndinatembenuka n'kufunsa kuti, “Inunso munkadziwa?” Iwe Tiyanjane unayamba kufufuza chinachake m'chikwama. Iwe Limbani unakweza wailesi.

Papita zaka, ndipo simunandiyankhebe. Ndine mayi wanu, chala changa chinafa koma makutu akumva bwinobwino, ndipo Lamlungu nonse mumabwera kudzadya kuno.